Chulu cha ku Wiltshire

Chaka changa choyamba ku England ndinkagwira ntchito pa famu ya nkhosa ku Wiltshire, kufupi ndi Avebury. Pakati pa busa panali kachitunda kozungulira, msinkhu ngati mamita 2, mulifupi ngati mamita 20. Nditangokaona ndinati basi, chulu ichi. Kwathu ku Dedza dothi la pachulu ndi feteleza waulere, ndipo tomato wanga kuseri kwa nyumba anali atachita chikasu. Loweruka ndinanyamula fosholo ndi wilibala.

Dothi linatuluka loyera mbee, chiswe osaoneka ndi chimodzi chomwe. Ndinati chabisala kuzizira. Ndikudzaza wilibala yachiwiri, ndinangoona mwini famu akubwera chothamanga, nkhalamba imene sinkafulumira ngakhale nkhosa zitaboola mpanda.

"Achimwene, siyani! Amenewo ndi manda!"

Fosholo inagwa yokha. Kunali kumanda ndithu, a zaka pafupifupi 4,000, amene eni dziko amati round barrow. Maliro ankawaika pakati, ena atawotchedwa phulusa lili mumphika. Kenako ankakumba ngalande mozungulira, choko (mwala woyera wofewa) chotulukamo n'kuunjika pamwamba. Feteleza wanga woyera uja anali choko chimenecho.

Chitundacho chili m'kaundula wa malo otetezedwa ndi lamulo la 1979. Popanda chilolezo cha boma simungakumbepo, kuzikapo nsanamira ya mpanda, kubzalapo mtengo kapena kuyendetsapo makina ofufuzira zitsulo. Akatswiri amawerenga mbiri m'mene dothi linasanjikizirana, ndiye mukalisakaniza zatha, silibwereranso. Koma nkhosa n'zololedwa chifukwa zimameta udzu, zitsamba osamera. Adani odziwika ndi pulawo, mizu ya mitengo ndi akalulu okumba mauna. Tsiku limenelo pa mndandanda panawonjezeka ine.

Ndinati ndingokwirira msanga, abwana anakana, akuti tikanene kaye. Kunabwera mayi wina wofukula zakale. Anayeza dzenje langa, masentimita 40, n'kusefa mawilibala onse awiri ngati ufa. Mwayi wake ndinali nditangokanda m'mphepete, moti ndinapulumuka ndi chenjezo lokha.

Mlandu weniweni unali kunyumba. Amayi a Tadala anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bambo a Tadala, mumati mutidyetse tomato wa kumanda? Poti mwasanduka adzukulu, musambe kaye musanalowe muno."

Anandipatsa ndowa ndi sopo panja, mwezi wa Novembala, ku England.