Kagulugufe ka pa namasupuni

Lachinayi, ku Chiromo. Mmawa ndaperekeza amalume kukaonjola ukonde cha ku Elephant Marsh. Tikudutsa m'mphepete mwa namasupuni wanthete, nkhafi inagunda masamba, kanthu kakang'ono n'kuuluka kudzatera m'bwato. Ndinakavundikira ndi kapu yomwera madzi.

Ndi kagulugufe ka usiku, mapiko ake kakatambasula amangokwana masentimita 2 kapena kupitirirako pang'ono. Kachikasu kopita ku bulauni, kokhala ndi timizere takuda tokhotakhota. Pa phiko lakutsogolo pali kadontho koyera chakumphepete, pa lakumbuyo kadontho kakuda. Madontho amenewa ndiwo anandiuza kuti ndi Niphograpta albiguttalis. Mtima unagunda, chifukwa kuno sikaonekaoneka.

"Iwe, kaphe kameneko, kadzatithera thonje," anatero amalume.

"Ayi amalume, thonje sikalikhudza. Chakudya chake ndi namasupuni yemweyu."

Kwawo ndi ku South America, komwenso namasupuni anachokera. Anakabweretsa m'Malawi m'zaka za m'ma 1990 pamodzi ndi tinankafumbwe ta Neochetina, pofuna kuchepetsa chomera chomwe chimatseka njira za mabwato m'Shire muno. Zipsera za tinankafumbweto mumaziona pamasamba ponseponse, koma aka n'kofunika kukasaka.

Ndinang'amba phesi limodzi lotupa lomwe linali ndi banga lakuda. Mkati munali mbozi yamutu wabulauni, itafukula kanjira mu mnofu wofewa uja ngati siponji. Kakakazi kamaikira mazira m'tsamba, makamaka pomwe pakalika kale, ndipo amaswa pakatha masiku 3 kapena 4. Mboziyo imayamba ndi tsamba, kenako n'kulowa m'phesi. Ikadya pafupifupi milungu iwiri imaboola potulukira, kusiya kakhungu kopyapyala koonekera mkati, ndiyeno imadzikulunga m'chikwa momwemo. Pakatha mlungu kagulugufe kamatuluka, ndipo nako sikakhalitsa. Phesi lobooledwalo limalowa madzi n'kuwola.

Namasupuni wokhwima wa mapesi aataliatali olimba sikamufuna. N'chifukwa chake pakati pa chimulu chakale mungakhale tsiku lathunthu osakaona. Pitani kumphepete komwe kukuphukira watsopano. Zimandiwawa kuti asodzi ambiri sakadziwa, chonsecho kakuwamenyera nkhondo.

Ndinakajambula ndi foni n'kukamasula. Nditatambasula dzanja kuti ndithyole phesi lina, amalume anandiletsa: "Zisiye zidye, mphwanga. Njira yopita kumaukonde ikutsekeka, ine msana watha n'kukankha bwato."