Chingwe cha nangula

Ife a ku Kasungu madzi timawadziwira mu ndowa. Alipo a Bua, alipo a Dwangwa, liliponso damu la Chitete, koma munthu wa kwathu kuno ku Chamama ukamupeza m'madzi ofika m'chiuno udziwe kuti mlatho wakokoloka. Ndiye sindikudziwa chimene chinandilowa mu Julaye muja, nditangotenga ndalama za fodya yemwe ndinagulitsa ku Chinkhoma, alamu anga atabwera ndi nkhani yoti mnzawo wina ku Senga Bay ali ndi boti la matanga, ndipo atha kutizungulitsa masiku awiri, kugona momwemo.

"Alamu, mumatha kusambira?"

"Ine? Ndinawolokapo Bua atadzaza," ndinatero. Sindinaname. Ndinangosiya kunena kuti ndinali pa lole.

Tinadzera ku Nkhotakota, kudutsa m'nkhalango muja, kenako M5 mpaka ku Salima. Botilo nditaliona mtima unati phaa. Ngolo yanga ya ng'ombe ndi yaikulu. Woyendetsa anali kamnyamata kopanda nsapato, ndipo kanayang'ana jekete yanga ya kutchalitchi kaye kasanandipatse moni.

"Madala, lamulo ndi limodzi. Ndikati mitu pansi, mitu pansi."

Pansi pa thanga pamakhala chipaipi chopingasa, ndipo boti likamakhota chimasesa kuchoka uku kupita uko. Ulendo woyamba ndinawerama bwinobwino. Wachiwiri ndinali kalikiliki kujambula nkhwazi. Chipewa changa chinapita ku Mozambique, ine ndinatsala ndi chotupa ngati dzira la nkhanga.

Koma poyamba zinali kukoma, ndisaname. Popanda injini, popanda utsi, mphepo yokha basi. Madzi oyera moti pafupi ndi miyala ya chilumba cha Namalenje ndimaona timbuna tabuluu tikuyendayenda ngati tili m'botolo. Ndinafika mpaka poganiza kuti mwina ndinabadwira kolakwika.

Chakumasana mwera unayamba. Anthu a kunyanja amautchula mwaulemu mwerawu, ndipo tsopano ndikudziwa chifukwa chake. Boti linayamba kuvina, nsima ya kampango imene ndinadya pa gombe inabwerera kwawo, ndipo katundu wanga, chikwama ndi kathumba ka mtedza wokazinga, ankangoseseleka uku ndi uku. Apa m'pamene nzeru za ulimi zinandipweteka. Kutsogolo kwa boti ndinaona chingwe chabwino, chokhuthala, changounjikidwa, nsonga yake atamangirira pa kachitsulo. Munthu amene wakhala akumanga zigafa zaka 20 sangaone chingwe chikungokhala. Ndinamasula nsongayo, n'kukulungako kamodzi pa chikwama changa kuti chisayende. Woyendetsa uja anali kalikiliki ndi chiwongolero, sanaone.

Dzuwa litalowa tinabisala kuseri kwa chilumba kuti tigone. Mnyamata uja anatsitsa thanga.

"Madala, muli kutsogoloko, taponyani nangula."

Ndinaimirira monga munthu wopatsidwa udindo. Ndinanyamula chitsulocho, n'kuchiponya, chubwi! Chingwe chinayamba kutsetsereka, ine ndikuchiyang'ana monyadira. Chinapita, chinapita, kenako ndinangoona chikwama changa chikudumpha ngati chule. Ndinachiwakha m'malere. Chingwe chinapulumuka, nsonga yake inandibayibitsa, n'kulowa m'madzi.

Kunali zii.

"Mwamasula ndani chingwe?"

Alamu anayang'ana kumwamba. Ine ndinayang'ana mtedza.

Mnyamatayo sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangokhala pansi n'kunena kuti, "Basi, tiona kumene itifikitse." Mdima unagwa. Kutali kunkaoneka nyali za asodzi a usipa zili ndandanda ngati tauni, ife tikungotengeka. Ndipo mutu wa munthu ndi woipa: zonse za kusukulu ndinaiwala kalekale, koma usiku umenewo ndinakumbukira bwinobwino aphunzitsi akunena kuti nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita 700. Zoti malo akuyawo ali kumpoto kwenikweni, kutali ndi Salima, sizinabwere.

Ndinatulutsa foni. Netiweki inalipo, mwatsoka.

"Mayi a Chisomo, mundimvetsere, musalire. Ana muwalere bwino. Ng'ombe musagulitse." Ndinameza malovu. "Ndipo ndalama za fodya zija ndinati zatha ndi ngongole ya feteleza, sizinathe zonse. M'chigafa chakale, pa nsanamira yachitatu, kumbani pansi. Muli chitini."

"Yachitatu kuchokera kuti, bambo a Chisomo?" Mawu awo anali odekha modabwitsa.

"Kuchokera ku khola."

"Chabwino. Muyende bwino." Anadula.

Sipanathe mphindi 10, ndinamva khwee pansi pa boti. Ndinakuwa kuti taomba mwala, ndinatseka maso, ndinadziponya m'madzi nditakumbatira chigubu, ndikuitana Yesu ndi azigogo anga onse pamodzi. Ndinaphiriphitha mpaka ndinamva wina akundigwira paphewa.

"Madala, taimirirani."

Madzi analekeza m'maondo. Mwera unali utatikankhira pamchenga, ndipo mnyamata uja ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndi kumene tikathere. Pa gombe panali amayi odikira usipa, mabeseni ali m'manja, tochi zonse zili pa ine ndi jekete yanga. Wina anafunsa kuti, "Ngochokera kuti amenewa?" Alamu, m'malo mondibisa, anayankha mokweza kuti, "Ku Kasungu!" Onse anati, "Ooo," ngati nkhani yamveka.

M'mawa ndinalipira anyamata awiri kuti akamire kukasaka nangula. Anampeza, ndipo mtengo wake unali wa mbuzi yaing'ono. Tsiku lachiwiri la ulendo ndinalithera pansi pa mtengo, alamu akuzungulira okha.

Nditafika kumudzi ndinayamba kaye ndadzera kuchigafa. Pa nsanamira yachitatu panali dzenje, lokwiriridwa mwaukhondo. Pakhonde panali malata 24 atsopano, ndipo mayi a Chisomo anandilandira chikwama mwaulemu wonse, atagwada.

"Mwayenda bwanji kunyanja? Chaka chamawa mudzapitenso, mphepo yakumeneko imakuyanjani."