Sonata ya Kishio Hirao yandilowa m'magazi

Kishio Hirao anabadwira ku Tokyo mu 1907, ndipo anakaphunzira kupeka nyimbo ku Paris, pasukulu ya Schola Cantorum. Sonata yake (nyimbo yoimbidwa ndi zida zokha) ya piyano ndi chitoliro chotchedwa oboe analemba mu 1951, patangotsala zaka ziwiri kuti amwalire. Anapita akadali ndi zaka 46 zokha, zimandiwawa ndithu.

Ine chimandikoka ndi oboe. Kukamwa kwake kuli timabango tiwiri tothinana, kampata kake kochepetsetsa, moti mpweya umalowa pang'onopang'ono. Woimbayo amayamba watulutsa mpweya wotsalira m'chifuwa asanakoke wina. Mukatchera khutu bwino pa mahedifoni mumamumva akupuma, kenako liwu lija limatuluka lopyapyala, lolira ngati la m'mphuno, n'kumakwera osathothoka. Piyano ili pansi, ikuyala mawu osalala a Chifalansa, koma nyimbo yeniyeniyo ikuyenda Chijapani.

Ku Japan kulinso hichiriki, chitoliro cha mabango awiri cha nyimbo zakunyumba yachifumu za gagaku, ndipo khutu langa limachimva chapatali m'sonatayi.

Hirao anaphunzitsanso Isao Tomita, amene anadzatchuka ndi synthesizer, chida chamagetsi choimbira nyimbo. Wophunzira amadziwika dziko lonse, koma ine ndimabwererabe kwa mphunzitsiyo.