Lachitatu kukhola la caititu: yaikazi yalola yaimuna

Mmawa walero, pakhola lina m'chigawo cha Pará kumpoto kwa Brazil, caititu yaimuna inasiya chinangwa m'chodyera n'kumangolondola yaikazi imodzi, kununkhiza mkodzo wake ndi kuikankha ndi mphuno. Nyama imeneyi, imene akatswiri amaitcha Pecari tajacu, imaoneka ngati nguluwe yaing'ono koma si ya banja la nkhumba, ndipo woiwerengera masiku a nkhumba amasokoneza kaundula yense.

Kumaliseche kwa yaikaziyo kunali kotupa, kofiirira ndi konyowa. Kukhudzana kumene alendo amakuyesa chizindikiro cha kukwerana sikutanthauza kanthu pa nkhaniyi. Caititu ili ndi kathumba ka fungo pamsana chakufupi ndi mchira, ndipo ziwiri zimaima mosemphana, iliyonse ikupaka mutu pa kathumba ka inzake. Zimatero tsiku lililonse, zazimuna ndi zazikazi zomwe, pofuna kuti gulu lonse linunkhe fungo limodzi. Umboni weniweni ndi woti yaikazi iime osathawa yaimuna ikaika chibwano pamsana pake. Cha m'ma 9 koloko inaimadi. Kukwerako n'kwa kanthawi kochepa ndipo kumabwerezedwa, choncho wosamalira amene wangosuzumira n'kuchoka sakuona.

M'kaundula mwalembedwa nambala ya pakhutu ndi tsiku lalero. Nyengo yofuna yaimuna imatha masiku ngati 4. Ikapanda kutenga bere, idzafunanso pakapita masiku 22 mpaka 28. Masiku amenewo akadutsa ili phee, kuwerenga kumayambira lero: bere limatenga masiku pafupifupi 145, pomwe la nkhumba yoweta ndi 114.

Masana nkhani inali m'khola lachiwiri. Yaikazi imene inaswa ana awiri sabata yatha yayamba kale kulondoledwa ndi yaimuna. Si matenda ayi: caititu imatha kufunanso yaimuna patangopita masiku ngati 8 chiswereni, ana akuyamwabe. Kumene kuli kotentha chaka chonse ilibe nyengo yoswera, kusiyana ndi ku Arizona ndi ku Texas, m'dziko la America, kumene ana ambiri amabadwa m'miyezi ya mvula. Yaikazi yoyamwitsayi nthiti zikuonekera, ndiye yaimuna yatsekeredwa kuseri kwa waya, poti zizionana ndi kununkhizana. Kuthamangira bere lina pa nyama yowonda n'kutaya ana a mimba ziwiri.

Anawo ali bwino, ofiirira, ndi mzere wakuda pamsana. Amabadwa olemera pafupifupi theka la kilogalamu, amayenda tsiku lomwelo, ndipo amayamwira kumbuyo, pakati pa miyendo ya mayi, chifukwa mkaka umatuluka m'mawere akumbuyo. Chimene chimawapha kawirikawiri m'khola ndi mano a zinzawo zazikulu pamene malo ndi opanikizika komanso pobisala palibe. Pachifukwachi mwaikidwa kanyumba kamatabwa ndi zodyera ziwiri motalikirana. Mayi akayamba kuwombetsa mano, ubweya wapamsana utaima, munthu atuluke.

Madzulo tinaona ana aakazi a mimba yapitayo. Akwana miyezi 7, ndipo kuyambira miyezi 8 ena amatha kutenga bere, zazimuna zikakhwima cha pa miyezi 11. Mawa achotsedwa onse pamodzi kuti asakweredwe ndi bambo wawo. Yaimuna yatsopano idzayamba yakhala kuseri kwa waya, pakuti yachilendo yoponyedwa m'gulu mwadzidzidzi imalumidwa koopsa, nthawi zina mpaka kufa.