Mmene ndinabwezetsera ndalama za laputopu ya pa eBay ndili konkuno ku Chitakale

Ife a ku Mulanje mawu oti okushoni si achilendo, tiyi wina yemwe wazungulira phirimuyu amakathera ku okushoni ya ku Limbe, koma kumeneko ogula amayamba alawa kaye asanatchule mtengo. Pa eBay, msika wa pa intaneti womwe anthu amagulitsirana katundu pa okushoni, palibe zolawa, umangoona zithunzi ndi timawu tomwe mwini katundu walemba, basi nkuyamba kupikisana ndi anthu oti sudzawaona mpaka kale. Ine ndili ndi kashopu kotayipa ndi fotokope, nde ndinkafuna laputopu yakale koma yamphamvu, ndinaipeza kwa munthu wina wa ku UK, ndinawina, ndinalipira, ndipo itafika inali yokhoma. Ndalama zinabwerera, koma sizinabwerere chifukwa cha mwayi kapena kukalipa ayi, zinabwerera chifukwa cha tinthu tingapo tomwe timachitika ndalama isanatuluke nkomwe.

Ndisanabide ndinayamba ndamufufuza kaye munthuyo. Aliyense wogulitsa amakhala ndi maperesenti a feedback pafupi ndi dzina lake, koma musamangoona 100% nkusangalala, dinani muone ngati mayamiko amenewo anawapeza pogulitsa kapena pogula, chifukwa alipo ena anangogula timakava ta foni kakhumi nkuoneka ngati anthu okhulupirika kenako mwadzidzidzi akugulitsa ma iPhone asanu. Ine ndimathamangira kuwerenga zodandaula, zoyamikazo sizindiuza kanthu. Kenako muone pomwe alemba condition. Akalemba Used ndiye kuti chinthucho chinagwirapo ntchito koma chikuyenda bwinobwino, akalemba For parts or not working ndiye kuti akuuziranitu kuti ndi chakufa ndipo mukagula musadzalire. Werengani mpaka pansi penipeni, kuli anthu amagulitsa katoni yokha ya foni nkulemba zimenezo m'kamzere komaliza. Yangayo analemba Used, fully working, nde ndinajambula sikirinishoti tsamba lonse, zithunzi zake ndi mawu ake, komanso ndinamufunsa kudzera pa meseji ya mu eBay momwemo ngati ili ndi pasiwedi iliyonse, anayankha mwachidule kuti ilibe. Kameseji kameneko ndi kamene kanadzagwira ntchito yaikulu kutsogoloku.

Kubida kwake sikovuta, umalemba ndalama yomwe sungapyole ndiye makinawo amakubidira okha pang'onopang'ono mpaka pamenepo, nde palibe chifukwa chokhalira maso usiku kudikira sekondi yomaliza, makamaka kuno koti mvula ikangoyamba netiweki imapita nawo. Koma dziwani kuti ukawina wawina, umayenera kulipira, si zoti ndimangoyesa. Ndipo mtengo womwe mukuuonawo si womaliza, onjezani wotumizira, reti ya banki tsiku limenelo, kachaji ka khadi, ndi msonkho wa MRA katundu akamalowa. Komanso funsani kaye ku banki kwanu kuti khadi lanu likuloledwa kulipira zingati kunja, ndi vuto la forex lomweli malire ake amangosinthasintha, ndipo ndi zamanyazi kuwina okushoni khadi nkukana.

Polipira ndinalipira mu eBay momwemo ndi khadi la Visa, ndipo apa sindinyengerera munthu. Chitetezo chawo chija amachitcha Money Back Guarantee chimagwira pokhapokha ndalama yadutsa mu checkout yawo. Wina akakuuzani kuti tiye pa WhatsApp ndikuchotsereko mtengo, tumiza pa Western Union, kapena pa PayPal (njira yolipirira pa intaneti) koma usankhe Friends and Family, ameneyo akukutulutsani pomwe pali mboni kuti mukakhale awiriwiri. Friends and Family ndi yotumizira abale ndalama, PayPal imaitenga ngati mphatso ndipo mphatso siibwezedwa. Palinso ina ya imelo, waluza okushoni kenako ukulandira uthenga woti amene anawina uja walephera kulipira nde tikupatsa iweyo. Zimenezi zilipodi, amati Second Chance Offer, koma yeniyeni imaonekanso mu akaunti yanu ya eBay, ikangokhala pa imelo pokha isiyeni.

Tsopano nkhani ya adiresi, ndi pomwe a Malawi ambiri timagwera. Ogulitsa ambiri satumiza kuno, nde timalemba adiresi ya m'bale wathu ku UK kapena ku Joni, kapena ya makampani aja amasonkhanitsa katundu nkumutumiza pamodzi. Vuto ndi loti eBay imakupatsa masiku 30 oti udandaule kuyambira tsiku lomwe katundu wafika pa adiresi yomwe unalemba ija, osati tsiku lomwe wafika m'manja mwako ku Limbuli. Katundu akakhala mu sutikesi kudikira munthu wobwera pa Khirisimasi, pofika kuno masiku aja anatha kalekale. Ndipo malamulo awo amanena poyera kuti katundu amene watumizidwanso kwina atafika kale, kapena wadutsa kwa makampani otumiza aja, chitetezo chija sichimuphimba, chifukwa wogulitsa angonena kuti anaphwanya ndi anthu anuwo panjira. Nde amene walandirayo asakhale wongosunga, akhale woyesa. Ine ndinalemba adiresi ya msuweni wanga ku Leeds ndipo tinagwirizana kuti tsiku lomwe yafika aitsegule akujambula vidiyo, kuyambira katoni isanang'ambidwe.

Anandiimbira vidiyo ataweruka, ine ndili pakhonde pomwe pamagwirako netiweki, iye wagwira foni dzanja limodzi linalo akudina batani. Sikirini inayaka, kenako mmalo mwa Windows panangobwera kabokosi kofuna pasiwedi ya BIOS, ija imatseka kompyuta Windows isanayambe nkomwe, kaloko kali pambali. Ndinati msuweni tazimitsa uyatsenso, chimodzimodzi. Tatembenuza pansi ndione, pansi pali kachizindikiro ka guluu pomwe anamatulapo sitika, ngati zija amamata pa makompyuta a kampani. Iye nkumaseka eti wagula njerwa yamagetsi, ine kuseka kulibe. Ndinamuuza ajambule kabokosiko, serial number, ndi lebulo ya pa katoni, zonse zioneke bwino, ndipo asayese kuitsegula ndi sikuludiraiva kapena kupita nayo kwa okonza, chifukwa ukangoigwiragwira wogulitsa amapeza ponamizira.

Usiku womwewo ndinalowa mu akaunti, pa zinthu zomwe ndinagula, ndinadina Return this item. Amakufunsa chifukwa, ndipo apa samalani kwambiri. Mukasankha zoti ndasintha maganizo kapena sindikuchifunanso, ndiye kuti mwadziika m'manja mwa wogulitsa, akhoza kukana kapena kukulipiritsani positi. Sankhani choona chake, kuti chinthu sichikugwira ntchito kapena sichikufanana ndi zomwe analemba, pamenepo wolipira positi yobwezera ndi iyeyo. Ndinalemba ziganizo zochepa chabe, kuti analemba fully working, ndinamufunsa za pasiwedi anati ilibe, koma yafika yokhoma, zithunzi ndi izi. Zotukwana kapena zoti ndine wosauka wa ku Africa mundimvere chisoni sindinalembe, amene adzawerenge mlanduwo akufuna umboni basi.

Wogulitsa amapatsidwa masiku atatu ogwira ntchito kuti akonze zinthu, Loweruka ndi Lamulungu osawerengera. Wangayo anayamba ndi zoti pa tsamba lake analemba No returns. Izi zimaopseza anthu ambiri koma zilibe mphamvu ngati katundu sakufanana ndi zomwe analemba, No returns imagwira kwa munthu wongosintha maganizo. Ataona kuti sindikugwedezeka anasintha nyimbo, akuti ndikubwezere mapaundi 30 laputopuyo usunge, anyamata a kwanuko akhoza kuchotsa pasiwediyo. Mwina akanachotsadi, anyamata a mu Limbe amapanga zodabwitsa, koma ine sindinalipire kuti ndiyambe kuyendayenda ndi chinthu chomwe sindikudziwa kuti anachitenga kuti. Kenako inabwera ija ndimaidikira, akuti tseka kaye dandaulolo chifukwa likundiipitsira akaunti, ukatseka ndikutumizira ndalama zonse pompopompo. Abale, musatseke. Dandaulo ukalitseka wekha eBay imatenga kuti mwamvana, ndipo kulitsegulanso pa katundu yemweyo nkovuta zedi. Ndinangomuyankha mwaulemu kuti bwana bwezani ndalama kudzera momwemu, likatero litsekeka lokha.

Masiku atatu aja atadutsa panatuluka batani loti Ask eBay to step in, ndinadina. Batani limeneli nalonso silikhala mpaka muyaya, ukachedwa dandaulo limatsekeka lokha, nde muzilowa tsiku lililonse kuona, ngakhale bando itatha kongolani. Anayang'ana zithunzi ndi meseji ija nkugamula kuti laputopu ibwerere, lebulo yotumizira yolipiridwa kale inabwera, ndinamutumizira msuweni, anapirinta, anamata, nkukasiya ku positi. Ndinamukakamiza kuti atenge risiti yokhala ndi tracking number ndipo aijambule, chifukwa popanda nambala imeneyo wogulitsa angonena kuti sanalandire kanthu ndipo iwe ulibe poyambira. Amakupatsanso tsiku loti ukhale utatumiza, lisakudutseni. Apa ndi pomwe ndinaona ubwino woti katunduyo anali adakali ku UK, taganizani kutumiza laputopu kuchokera pa positi ya pa boma kupita ku Ulaya, mtengo wake ndi nthawi yake, mkangano wa ndani alipire ukanakhala wina.

Tracking itaonetsa kuti yafika, uthenga unabwera kuti ndalama zabwezedwa, koma mu akaunti munalibe kanthu kwa kanthawi ndithu. Izi zisakudwalitseni BP, ndalama imabwerera njira yomwe inadzera, pa khadi lomwe lija, ndipo imatenga masiku, nthawi zina masabata. Sungani uthenga wa refund uja kuti mukapita ku banki mukhale ndi choonetsa. Chinanso musayembekezere kuti makwacha abwera ndendende momwe anatulukira. Iwo amabweza mapaundi, banki imasintha pa reti ya tsiku lomwe alowa, ndipo reti yomwe amakugulitsira ndi yomwe amakugulira ndi zosiyana, kuphatikiza timachaji tina tomwe sitibwerera. Nthawi zina zimatha kukukomera, munthu amene analipira kwacha isanagwe ndi 44% mu Novembala 2023 nkulandira refund itagwa kale analandira makwacha ochuluka, koma masiku wamba umaluzako pang'ono, ine ndinaluza ya bando ndi ya kabaza.

Zikanakanika ku eBay njira zina zinalipo. Amene walipira ndi PayPal ali ndi masiku 180 kuchokera tsiku lolipira oti adandaule za katundu amene sanafike, ndipo akatsegula dispute, dandaulo loti akambirane ndi wogulitsa, ayenera kuikweza kukhala claim, kuti a PayPal agamule, pasanathe masiku 20 apo ayi imafa yokha. Wa khadi akhoza kupita ku banki kukapempha chargeback, kuti bankiyo ikakubwezetsere ndalama yomwe unalipira pa khadi, amakupatsa fomu, umaphatikiza masikirinishoti onse aja, nayonso ili ndi malire a masiku nde osagona. Koma osathamangitsa zonse nthawi imodzi, ukangopita ku banki eBay imatseka mlandu wake nkukusiyira a bankiwo, nde yambani ndi eBay, banki ikhale yomalizira.

Kwa amene mwapeza wogulitsa wotumiza mpaka ku Malawi, masiku 30 odandaula kuti katundu sanafike amayambira pa tsiku lomaliza lomwe analonjeza kuti afika. Wogulitsa akamati dikirani pang'ono positi ya kwanu imachedwa, mwina akunena zoona, koma tsegulani dandaulo nthawi isanathe, katundu akafika mudzatseka. Pitaninso ku positi ndi tracking number mukafunse nokha, nthawi zina phukusi limakhala lafika likudikira msonkho. Ndipo mukakana kulipira msonkho phukusi nkubwerera, musayembekezere kuti eBay ikhala mbali yanu.

Maokushoni a pa Facebook a konkuno aja, oti nsapato iyi tiyambire 5 pin wobida kwambiri pofika 8 koloko watenga, ndi nkhani ina, kumeneko kulibe batani loti wina alowererepo. Airtel Money kapena Mpamba ukatumiza munthu nkukatapa kwa ejenti, basi zapita. Ena mwa omwe akubida nawe ndi anzake a mwini katundu ongokweza mtengo, ukaona maakaunti omweomwewo pa positi iliyonse koma sawina, dziwa. Ine ndikawina ndimaona kaye ngati dzina lomwe likutuluka potumiza ndalama likufanana ndi la pa tsambalo, akati tumizani pa nambala ya ejenti kapena ya mlamu wanga ndimasiya. Katundu wodula ndimati tikumane ku Limbe masana pa malo a anthu, kapena ndimatuma munthu akaone kaye, ndipo wa ku Lilongwe ndimalipira yotumizira yokha, yotsalayo katundu akafika. Akakuberani imbani msanga kwa kampani ya foniyo ndi nambala ya transaction ndalama isanatapidwe, kenako ku polisi ndi masikirinishoti, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo la milandu ya pa intaneti ngati imeneyi. Ngati ndi shopu yodziwika yokhala ndi malo ake yomwe ikukana kubweza ndalama pa katundu wowonongeka, a Competition and Fair Trading Commission amalandira madandaulo otere, mupite ndi risiti kapena meseji yotsimikiza kuti munalipira.