Kani sorority si kalabu ya atsikana a pa koleji

Milungu itatu ndakhala ndikulimbana ndi nkhani ya ma sorority (mabungwe a amayi oyambira pa koleji, okhala ndi maina a zilembo za Chigiriki) a amayi achikuda a ku America pa phunziro lathu la mabungwe a m'madera, ndipo dzulo usiku m'pamene zinalowa. Mutu wapepuka ndithu. 

Chinkandisokoneza n'chakuti Alpha Kappa Alpha, imodzi mwa ma sorority amenewa, ndinkaiona ngati kagulu ka ophunzira basi. Inayambadi ndi ophunzira, pa Howard University ku Washington mu 1908, maganizo ake atachokera kwa Ethel Hedgeman. Ndiye ndinkadzifunsa kuti ana asukulu, amene zaka zinayi zikatha amabalalika, angasunge bwanji ntchito yachifundo zaka zoposa 100? Yankho linali m'maina a nthambi. Zambiri zimathera ndi mawu akuti Omega, ndipo zimenezo ndi nthambi za amayi amene anatsiriza sukulu kalekale: aphunzitsi, anamwino, maloya, ena azigogo. Umembala wake ndi wa moyo wonse. Ukasamukira mzinda wina umakalowa nthambi ya kumeneko. Amayi amenewa ndi amene amasonkha ndalama za m'thumba mwawo, kuthandiza ana a m'dera lawo ndi fizi, ndi kulimbikitsa anthu kukalembetsa mavoti. Nditaona zimenezi ndinangokumbukira amayi a Mvano: likulu lilipo, koma amene amakazonda odwala ndi a mpingo wa pomwepo.

Ndiye ndinabwereranso ku nkhani ya Mississippi ija, imene poyamba ndinangoiloweza. Mu 1935 mamembala, motsogozedwa ndi Dr Dorothy Ferebee, anayenda pa magalimoto kuchokera ku Washington kupita ku Holmes County, m'chigawo cha Mississippi kumwera kwa America, kukabaya katemera wa nthomba ndi wa diphtheria, matenda oopsa a pakhosi. Amene anayambitsa maganizowo ndi Ida Jackson, mtsogoleri wa bungweli nthawi imeneyo, wobadwira ku Mississippi komweko. Atafika, eni minda ya thonje anakaniza alimi awo kupita kumene achipatalawo anakhazikika. Amayiwo anangolongedza mankhwala m'magalimoto mwawo n'kuwatsatira anthu kumidzi ya m'mindamo. Kale ndinkadabwa kuti ndalama ndi nthawi ankazitenga kuti. Pano ndikuona: ambiri anali anthu apantchito, aphunzitsi ogwiritsa ntchito tchuthi chawo, ndipo kumbuyo kwawo kunali nthambi zosonkha. Ntchitoyo inapitirira chaka ndi chaka mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itaidula.

Chimene chinandithandiza ndi njira yanga ija yojambula mzere wa zaka pa pepala lalikulu, chaka chilichonse n'kulemba funso limodzi pansi pake: ndani analipira? Ine ndimati njira imeneyi ingatsegule phunziro lililonse, ngakhale anzanga a m'gulu amandiseka. Pa mzere womwewo m'pamene ndinaona kuti Delta Sigma Theta, sorority ina ya mu January 1913, inayambidwa ndi atsikana 22 amene anachoka mu Alpha Kappa Alpha pa Howard pomwepo, ndipo pa 3 March chaka chomwecho anali kale pa msewu ku Washington ndi amayi ofuna ufulu wovota.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi anathera ola lathunthu akutiwerengera maina ndi zaka, koma za nthambi za omaliza sukulu anangotchula podutsa, akutseka laputopu. Chikhala anayambira pamenepo, milungu itatu yanga sikanapita pachabe. Pano kwatsala masiku asanu kuti tipereke ntchito, magetsi nawonso akuzima madzulo alionse, bandulo yatha.

Pali china chimene sichikundikhalabe bwino. Kuti ulowe mu sorority uyenera kukhala wa ku koleji, ndipo amachita kukusankha. Alimi a thonje aja analandira katemera, koma mwa iwo ndani akanakhala pa msonkhano wa nthambi n'kunena chimene akufuna? Mwina ndikuwaweruza ndi maso a lero amayi amene iwonso ankakanizidwa pogona m'njira chifukwa cha khungu lawo. Mwinanso funsolo ndi loyenera. Sindinaganize ngati ndililembe mu ntchito yanga kapena ndilisiye kaye.