Pamene ndafika posankha maluwa osavulaza mphaka ndi galu

Mwezi uno wa Julaye chiperoni chakhala chikuphimba phiri la Mulanje masiku ambiri, ndipo popeza maluwa sakula msanga nyengo yozizira, ndapeza mpata womaliza ntchito imene ndinaiyamba mvula itangosiya, yofufuza chomera chilichonse cha m'nyumba ndi cha pakhonde kuti ndidziwe ngati chingakhale malo amodzi ndi mphaka wathu komanso kagalu kamene tinatenga chaka chino. Mphaka amakwera paliponse pamene wafuna ndipo amakonda kuluma masamba ataliatali olendewera, pomwe kagaluko, poti mano akumera, kamatafuna chilichonse chimene kakumana nacho pansi, ngakhale dothi la mumphika. Kuika mphika pamwamba kumateteza galu, koma kwa mphaka sikuthandiza konse, ndipo n'chifukwa chake maluwa ena anangosunthidwa malo pamene ena anachoka pakhomo pano.

Chimene chanditsogolera pa ntchito yonseyi n'chakuti maonekedwe a chomera sangatiuze ngati chili ndi poizoni. Anthu amene amagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu ku Limbe ndi ku Bvumbwe amazidziwa bwino mbande zawo pankhani ya madzi ndi dzuwa, koma zomera zambiri zosiyana timazitchula ndi dzina limodzi chifukwa zikufanana masamba. Choncho ndimayamba ndajambula chomeracho pafoni ndi kufufuza dzina lake la Chilatini, kenako ndimaliyang'ana pa mndandanda wa bungwe la ku America loteteza nyama la ASPCA, umene uli pa intaneti ndipo umasonyeza padera zomera zovulaza agalu, amphaka ndi akavalo. Zomera zathu zakutchire sizipezekamo zonse, ndipo zikatero ndimayang'ana banja limene chomeracho chikuchokera. Chimene sindinachizindikire bwinobwino sichilowa m'nyumba.

Chomera chimene ndinatha nacho nthawi yaitali ndi chimene anthu ambiri amachiona ngati kanjedza wamng'ono. Amayi ena amene ndimagulako mbande anandionetsa chimodzi chokongola kwambiri, cha tsinde lalifupi lonenepa ndi masamba olimba onyezimira, ndipo nditafunsa kuti, "Amayi, kodi ameneyu amabereka bwanji akakula?" anandiyankha kuti, "Achimwene, amatulutsa chimutu chachikulu pakatipa, chooneka ngati chinanazi." Yankho limenelo linali lokwanira kundiuza kuti si kanjedza ayi, koma ndi chomera cha gulu la cycad, pakuti kanjedza weniweni amatulutsa maluwa ndi zipatso m'mikoko yolendewera. Cycad amene amagulitsidwa kwambiri m'miphika ndi Cycas revoluta, wochokera kummwera kwa Japan, ndipo mbali iliyonse ya chomerachi ili ndi poizoni wotchedwa cycasin amene amawononga chiwindi. Njere zake ndizo zoopsa kuposa zina zonse, ndipo ndizo zimene galu amakonda kutola ndi kutafuna. Galu amayamba ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako patapita masiku awiri kapena atatu maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu, ndipo agalu ambiri amafa ngakhale atalandira chithandizo.

Nkhani imeneyi ikutikhudza kwambiri ife a kuno chifukwa tili ndi cycad wathuwathu, Encephalartos gratus, amene amamera mwachilengedwe m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi kutsidya ku Mozambique, ndipo amabzalidwa m'mabwalo a nyumba zina zakale. Ndimamukonda kwambiri ndipo ndimaima kumuyang'ana ndikamupeza, koma banja lake lonse lili ndi poizoni wa mtundu womwewo. Palinso chifukwa china chosamugulira kwa munthu amene sakufotokoza kumene wamutenga: mitundu yonse ya Encephalartos ndi yotetezedwa ndi pangano la mayiko la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, chifukwa anthu aizula kwambiri kutchire pomwe iyo imakula pang'onopang'ono. Pamalo pamene ndinkafuna kuikapo cycad ndaikapo Dypsis lutescens, kanjedza wa ku Madagascar wa mapesi achikasu, amene alibe poizoni kwa mphaka ndi galu. Nyengo ino wangoima osatulutsa tsamba latsopano, ndipo nsonga zina zauma ndi mphepo ya pakhonde, choncho ndamusunthira kukhoma kumene chiperoni sichifika mwamphamvu.

Kwa mphaka, duwa loopsa kwambiri ndi lily weniweni, wa mtundu wa Lilium, pamodzi ndi wofanana naye wa mtundu wa Hemerocallis. Sindinakhalepo naye mumphika, koma amalowa m'nyumba mwa njira ina, pa maluwa odula amene timabwera nawo kuchokera ku ukwati kapena ku chinkhoswe n'kuwaika m'botolo patebulo. Mphaka safunika kudya tsamba lonse kuti adwale. Mungu ukamugwera paubweya iye n'kudzinyambita, kapena akamwa madzi a m'botolomo, impso zake zikhoza kusiya kugwira ntchito pasanathe masiku atatu, ndipo madokotala a ziweto amanena kuti chithandizo chimapindula chikayamba asanathe maola 18. Chodabwitsa n'chakuti galu akadya duwa lomweli amangovutika m'mimba basi. Ndagwirizana ndi apabanja kuti maluwa odula aziyamba aonedwa panja asanalowe. Gloriosa superba, duwa lofiira ndi lachikasu lija limene limayanga m'tchire nthawi ya mvula ndipo ndi duwa la dziko la Zimbabwe, si wa mtundu wa Lilium, koma ali ndi poizoni wotchedwa colchicine makamaka m'mizu yake yonenepa, ndipo ameneyu ndi woopsa kwa galu, mphaka ngakhalenso mwana. Ndinali ndi maganizo omubzala kumpanda, koma ndawasiya.

Gulu limene linali ndi miphika yambiri pakhomo pano ndi banja la Araceae: Dieffenbachia wa masamba amawangamawanga, Philodendron, Monstera, Epipremnum amene ambiri timamuyangitsa m'khoma la pabalaza, ndi Spathiphyllum amene amagulitsidwa ndi dzina loti peace lily ngakhale si lily konse. Onsewa ndi abale a koko, ndipo munthu amene anadyapo koko wosapsa bwino akudziwa mmene amayabwira pakhosi. Chimene chimachititsa ndi timibulu tosongoka ta calcium oxalate timene timabaya lilime ndi m'kamwa, kotero chiweto chimachucha dovu, kupalasa kukamwa ndi phazi ndi kukana chakudya. Kawirikawiri sichifa, pakuti ululuwo umachiletsa kudya zambiri, ndipo pa chifukwa chimenechi sindinawataye onse. Monstera wamkulu ndamupititsa m'chipinda chimene chimakhala chotseka, Epipremnum ndagawira anzanga amene alibe ziweto, koma Dieffenbachia ndamuchotseratu chifukwa ndi amene amatupitsa pakhosi kwambiri mpaka kupuma kumavuta.

Za ena sindichulutsa mawu. Alovera, ngakhale timamudalira pa zilonda zamoto, amatsegula m'mimba ziweto chifukwa cha madzi achikasu a pansi pa khungu lake, ndipo Sansevieria amasanzitsa. Kalanchoe, Adenium ndi oleander ali ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima. Euphorbia milii, wa minga ndi timaluwa tofiira uja, ndi m'bale wa nkhadze, ndipo utomoni wake woyera umawotcha m'kamwa ndi m'maso. Alovera yekha ndamusunga kuseri kwa mpanda wa dimba kumene kagalu sikalowa, ndipo pawindo pamene anali ndaikapo Haworthia wa ku South Africa, amene amafanana naye koma ndi wamng'ono, wa timadontho toyera, ndipo savulaza.

Mbali imene yandisangalatsa ndi yochulukitsa maluwa opanda poizoni amene atsala. Chlorophytum comosum, wa masamba ataliatali a mzere woyera pakati, amatulutsa tiana kunsonga za timapesi, ndipo timene ndinaika m'madzi mwezi watha tatulutsa mizu yoyera yokwanira kuwokera m'zitini. Ndimamuthirira madzi amvula amene ndinasunga, chifukwa madzi a pampopi amaumitsa nsonga za masamba ake. Mphaka amamukonda kuposa duwa lina lililonse, ndipo akadya masamba ambiri amasanza ndithu, pakuti chomera chopanda poizoni sichisanduka chakudya cha nyama yodya nyama. Ndamupachika kudenga la khonde, kutali ndi pawindo pamene mphaka angadumphire. Nephrolepis exaltata ndiye amene akukondwa ndi chinyezi cha chiperoni kuposa onse, ndipo wadzaza mphika mpaka mizu yayamba kutulukira pansi. Ameneyu asasokonezedwe ndi Asparagus densiflorus, wa timasamba tosongoka ndi tizipatso tofiira, amene anthu amamuika m'gulu limodzi ndi iye pogulitsa koma amasanzitsa ndi kuyabwitsa khungu la ziweto.

African violet amafuna kuleza mtima. Kwawo ndi ku mapiri a Usambara ku Tanzania, kumene Walter von Saint Paul-Illaire anamutola mu 1892, ndipo masiku ano akatswiri amamuika mu mtundu wa Streptocarpus, umene abale ake ena amamera m'matanthwe achinyezi a phiri lathu lomweli. Ndinadula masamba okhwima pamodzi ndi timapesi take n'kuwazika mumchenga wosakaniza ndi dothi la pansi pa mitengo, ndipo ena ayamba kuonetsa timasamba tating'ono m'munsi. Madzi ozizira akagwera pamasamba ake amasiya mawanga, ndipo pakati pake pamaola msanga nyengo ino, choncho ndimathira madzi m'mbale ya pansi pa mphika m'mawa, n'kutaya otsala pakapita kanthawi. Impatiens walleriana ndiye wosavuta konse, pakuti kanthambi kake kamatulutsa mizu m'kapu ya madzi. Duwali ndi la kuno kummawa kwa Africa, ndipo dzina lake likukumbutsa Horace Waller, mmodzi mwa amishoni a Anglican a bungwe la UMCA amene anafika ku Magomero mu 1861 pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie. Ndazikanso mutu wa chinanazi mumphika wadothi, poti kuno ku Mulanje mitu yake timangotaya, ndipo banja lake silivulaza ziweto kupatula timinga ta m'mbali mwa masamba.

Pali mbali ina imene mindandanda ya zomera siitchula kwambiri, koma kwa ife a dera la tiyi ndi yofunika, ndiyo ya zimene timathira mumphika. Ambiri timakhuthulira masamba a tiyi ogwiritsidwa kale ntchito pamaluwa ngati manyowa, koma masambawo amakhalabe ndi caffeine, amene amafulumizitsa mtima ndi kunjenjemeretsa galu wamng'ono akawadya ambiri, makamaka ngati muli fungo la mkaka ndi shuga lomukopa. Tsopano masamba a tiyi amapita kudzenje la manyowa, ndipo amabwerera mumphika ataolerana. Chimodzimodzi makoko a makadamiya amene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Thyolo kuti ndiziphimbira dothi. Amaoneka bwino ndipo saola msanga, koma mumatsalira tizidutswa ta mtedza, ndipo mtedza wa makadamiya umafooketsa miyendo yakumbuyo ya galu, kumusanzitsa ndi kumutenthetsa thupi asanathe maola 12. Agalu ambiri amachira pakapita masiku awiri, komabe makoko olimbawo akhozanso kutseka matumbo a kagalu, choncho ndawachotsa m'miphika yonse ya pansi ndipo ndaphimba ndi miyala ikuluikulu ya kumtsinje imene sikangameze.

Pankhani ya tizilombo, nkhono zimachuluka kuno chifukwa cha chinyezi, ndipo mankhwala ake a timibulu okhala ndi metaldehyde amakopa agalu ndi kuwakomola, kotero ndimazitola ndi manja madzulo. Nsabwe za m'masamba ndimazitsuka ndi madzi a sopo wochepa. Mankhwala opopera a gulu la permethrin ndi cypermethrin sindiwagwiritsa ntchito m'nyumba, chifukwa chiwindi cha mphaka chimalephera kuwachotsa msanga m'thupi monga chimachitira cha galu. Nambala ya alangizi a ziweto a kuno ndailemba pakhoma la kukhitchini, ndipo onse a m'nyumba akudziwa kuti chiweto chikadya chomera chokayikitsa tisachimwetse mkaka, mafuta kapena madzi a mchere, koma tithothole tsamba la chomeracho n'kupita nalo pamodzi ndi chiwetocho.

Kuti mphaka asiye Chlorophytum, ndamufesera tirigu m'beseni laling'ono, ndipo amadya msipu wake ukafika kutalika kwa chala. Mapira sayenera kufesedwa pa ntchito imeneyi ngakhale amapezeka mosavuta, chifukwa mbande zake zanthete zimatulutsa cyanide, poizoni yemwe amapha ng'ombe zikadya mapira ophukira kumene. Kukayamba kufunda mu Ogasiti ndidzagawa Nephrolepis m'miphika iwiri ndi kuwokera African violet amene adzakhale atalimba. Kwatsala chomera chimodzi choyanga cha masamba onenepa chimene ndinapatsidwa popanda dzina. Chili m'chipinda chotseka pamodzi ndi Monstera, ndipo chikatulutsa maluwa ndidzatenga kanthambi kake kupita nako ku National Herbarium, malo ofufuzira zomera ku Zomba, kuti akandiuze banja lake.